Ulusi wofiira pamkono pa mwana wanga

Mwana wanga woyamba anabadwira kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Hamilton, m'nyengo yozizira, ine ndisanazolowere n'komwe kuyenda pa chipale chofewa. Bambo ake ankaphunzira ku yunivesite, choncho ndinkaswera ndekha m'chipinda chapamwamba, n'kumaonera utsi wa mafakitale a zitsulo.

Pansi pathu pankakhala banja lochokera ku Hungary. Eni nyumba anandichenjeza kuti amenewo ndi Ajipisi, anthu oyendayenda, ndipo amaba ana. Ine, wamantha chibadwire, woopa ngakhale nalimata, ndinameza zonse. Koma tsiku lina nditasowa pogwira, ndinasiyira mayi achikulire a m'banjamo khandalo kuti ndithamangire kusitolo. Pobwera ndinapeza mwana ali m'tulo, pamkono atamumanga ulusi wofiira.

Kwathu ku Thyolo munthu samanga kachingwe pa mwana wa eni ake, ndipo akatero pali chimene akufuna. Kuwafunsa sindikanatha, poti Chingelezi sankachidziwa, ankangomwetulira. Ndinafuna kuudula, koma ndinaopanso, pajatu mankhwala a eni sumasula wekha usakudziwa chizimba chake. Ndinangoubisa mumkono wa juzi kuti bambo ake, mwana wa abusa, asauone.

Posakhalitsa mwana anatentha thupi ngati mbaula, kupuma mobanika. M'basi yopita kuchipatala ndinkangoyang'ana kamkono kaja, pemphero likundisokonekera pakamwa. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti andidyera mwana.

Nesi amene anamuvula juzi anali mmwenye. Ataona ulusiwo anafunsa ngati tili ndi abale ku India. Ndinafotokoza zonse. Iye anati anthu amenewo amadzitcha Aromani, ndipo makolo awo anachoka ku India kalekale, moti liwu lawo lotanthauza madzi ndi lomwelo limene iye amatchula kwawo. Kenako anapinda mkono wa juzi yake. Nayenso anali ndi ulusi wofiira, wosuluka.

"Anandimanga ndi amayi anga pondiperekeza," anatero. "Munthu amamanga mwana amene akuopa kumutaya."

Chinali chibayo. Tinakhala m'chipatala masiku angapo, ndipo mantha sanandichoke. Mwana akati kukhosomola, ine thukuta. Nesi wina atabwera ndi sizasi kuti adule ulusi, ndinamugwira dzanja, ndisakudziwa kuti ndikuopa chiyani tsopano.

Titatuluka, ndinapeza mayi aja atakhala pamasitepe, panja pozizira chotero. Mpongozi wawo, amene ankadziwako Chingelezi, anandiuza kuti chichokereni ife, mayiwo ankakhala pomwepo tsiku lonse, chakudya osachifuna. Nkhope yanga sanaiyang'ane. Anapisa zala mumkono wa kajuzi kufufuza, ndipo ataupeza ulusi uli pomwepo, misozi inangoti mbwe.

Ndinawapatsa mwanayo kuti alowe naye m'nyumba.