Chaka Chimene Msambo Unandisiya

Msambo utaleka kubwera, ine ndinayesa kuti ndaima. Ndinali mayi wamkulu kale, imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu, koma zaka zanga sindinaziganizire n'komwe.

Nthawi imeneyo tinkakhala pafupi ndi Milonde, pamalo a mzungu wina wolima tiyi. Tinachokera kutsidya kwa Ruo, ine, amuna anga ndi achemwali anga, kuthawa ntchito yokakamiza ya kumeneko. Pakhomo tinkalankhula Chilomwe, Chimang'anja tinachiphunzirira kumunda. Ana ndinabereka anayi ndipo onse anapita. Atatu tinawasiya kumanda a kwathu. Wotsiriza, wamkazi, anatisiya ndi chifuwa titangowoloka, ali kumsana kwanga. Kuchokera apo zinapita zaka zambiri osaimanso.

Oyamba kuzindikira anali amuna anga. Pamwambo wathu, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mnzake. Ine ndinkaitana achemwali. Tsiku lina tikudya nandolo, amuna anga anandiyang'anitsitsa.

"Mayi, mwezi wapita, wina wapitanso, mchere mukuthira nokha."

Ndinangowerama. Iwo anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chiwolokereni Ruo. M'mawa mwake anakadula nsungwi nayamba kukonza denga limene linkadontha, ndipo anandiletsa kusenza mtsuko waukulu.

Koma m'thupi mwanga munalibe mtendere. Tikuthyola tiyi m'chiperoni, anzanga akunjenjemera ndi kuzizira, ine moto unkandiyamba pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, thukuta kamukamu. Mtima unkagunda ngati wina akusinja m'kati. Kenako mantha, mantha opanda mwini. Kapitawo akakuwira munthu wina kumapeto kwa mzere, ine ndinkasiya kuthyola ngati akukuwira ine. Mbalame ikauluka mwadzidzidzi m'tiyimo, ndinkagwira pamimba. Ndinkaganiza kuti alipo amene wamva za mwanayu ndipo akufuna kundilanda monga anapitira anzake aja.

Achemwali anandifunira mwanamphepo, mankhwala amene amamwa amayi oyembekezera. Ndinamwa mokhulupirika. Mimba osakula. Mvula inatha, chimanga chinauma m'minda, nsalu yanga ndikumanga pamene ndinkamanga kale.

Tsiku lina lopuma achemwali anati, "Tiyeni ku Chinakanaka, kuli mzamba wina amene aliyense amamutchula. Akakuoneni."

Tinanyamuka kusanache, tinafika dzuwa litapendeka. Tinapeza mayi wojintcha, wa Chimang'anja, akuyanika makaka pamphasa. Sanali munthu wa mawu okoma. Anandilowetsa m'nyumba, anandigoneka, nandisinika pamimba ndi zala zake zolimba, uku ndi uku. Anandifunsa za kutenthako, za tulo, za kugunda kwa mtima. Kenako anapukuta manja pansalu yake.

"Amayi, muno mulibe munthu. Mwakula basi. Msambo watsanzika."

"Sinikaninso," ndinatero.

"Ndingasinike mpaka mawa. Mankhwala oziziritsa mtima ndili nawo. A mwana ndilibe."

Anatuluka, anabwera ndi masamba m'manja. Anati awa ndi chanzi, muziwiritsa ndi kumwa madzi ake m'mawa ndi madzulo. Awa ndi mpungabwi, muziviika m'madzi osamba, ndipo mantha akabwera muzifikisa m'manja ndi kununkhiza. Anawonjezera kakhungwa ka muwawani, kowawa koopsa, koti ndizimwa pang'ono thupi likalemera. Anatinso moto uja ukakwera ndisamalimbane nawo, ndizikhala pansi pamthunzi mpaka udutse.

"Palibe wakulodzani," anatero potiperekeza. "Inenso zinandipeza, ndipo ndili pano."

Tinagona komweko kwa anthu akwathu. Pobwerera achemwali anayesa kundicheza, koma ine ndinkangoona phiri lili kumanzere kwathu, osatha, ngati sitikuyenda.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde akusenda nsungwi. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono ndi kuwauza zonse monga anandiuzira mzamba uja. Mpeni sunaime m'manja mwawo. Anamaliza nsungwi imeneyo, anatenga ina.

"Masambawo amamera kuti?" anafunsa pamapeto pake.

Ndinawaonetsa. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene ankandithyolera chanzi m'mbali mwa khwawa, pochokera ku thangata. Ankafika nawo atawakulunga m'tsamba la nthochi ndi kuwaika pafupi ndi mafuwa. Mwamuna wina akanachita manyazi kuoneka ndi masamba a matenda a akazi. Iwo ayi.

Sindinganame kuti mankhwalawo anandichiza. Kutentha kunapitirira mvula zingapo. Koma chanzi ankandikhazika mtima pansi. Ndikagwira chikho chofunda m'manja onse awiri, fungo lake likulowa m'mphuno, kupuma kwanga kunkabwerera m'malo. Mpungabwi ndinkamanga pakona ya nsalu popita ku tiyi. Kapitawo akayamba kukuwa, ndinkafikisa tsamba ndi kupitiriza kuthyola. Anzanga ena a msinkhu wanga atamva fungolo anayamba kundipempha, mmodzi mmodzi, monong'ona. Ndi pamene ndinadziwa kuti tinalipo ambiri m'mizere imeneyo amene tinkapsa m'chisanu, aliyense akubisa.

Chimene masamba sakanaletsa ndi abale a amuna anga. Ankabwera kudzacheza, ankakhala nawo kuseri kwa nkhokwe nthawi yayitali, ine ndikafika ndi madzi nkhani inkasintha. Tsiku lina amuna anga anandiitana okha.

"Mayi, akundiuza za mtsikana wina wa mudzi wa kumtundaku. Ndakana, ndakananso. Koma ndikaganiza zoti ndidzafa wopanda wondiponyera dothi..."

Sanamalize. Maso awo anali ofiira. Moto uja unandikwera pomwepo, ndipo ndinadikira kuti udutse ndisanayankhe.

"Pitani, bambo. Ine sindikutsekerani njira."

Anapita kukakhala chikamwini kumeneko. Poyamba ankabwera kawirikawiri, kudzandilimira ndi kudzaona denga. Kenako ntchito ya kwa apongozi atsopano inawachulukira. Sitinakangane, sitinasudzulane. Anangoyamba kusowa pang'onopang'ono, mpaka ndinazolowera kuphika kamphika kakang'ono.

Mkazi akasiya msambo, amayi akuluakulu amamulowetsa m'gulu lawo. Ndinayamba kuitanidwa kumene kale sindinkaloledwa: kosambitsa maliro, kolangiza anamwali, ndi kuchikuta kobadwitsa ana. Manja anga anaphunzira ntchitozo msanga.

Ndiye tsiku lina masana kunabwera mayi wina akuthamanga kuchokera kumtunda, kufunafuna wodziwa za kuchikuta. Mtsikana uja anali ndi pakati, ndipo matenda anali atamuyamba kuyambira dzulo lake, mwana osatsika, ndipo amayi a kumeneko anali atatopa. Mayiyo atazindikira khomo limene wafika, anagwira pakamwa nafuna kubwerera. Ndinamuuza kuti adikire ndimange nsalu.

Titafika kumtundako, amuna anga anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi nyumba, monga achitira amuna. Atandiona anaimirira. Ndinawadutsa ndi kulowa.

Mtsikanayo anali mwana ndithu, wowonda, maso ali tong'o ndi mantha. Atandizindikira anayamba kulira kwambiri. Ndinakhala kumbuyo kwake, ndinamutsamiritsa pachifuwa panga, ndi kumulankhula m'Chilomwe kuti asaope, apume, akankhe ndikamuuza. Dzuwa lisanalowe mwana anabadwa, wamwamuna, wolira mwamphamvu. Amayi aja anandipatsa ine kuti ndimusambitse. Anali wopepuka, wofunda, makutu ake ngati a bambo ake.

Ndinamupereka kwa mayi wake. Amayi anayamba kululutira, ndipo panja ndinamva mawu a amuna anga akufunsa kuti ndi mwana wanji. Amayiwo anandikakamiza kuti ndigone, ndidye kaye, koma ndinawauza kuti nkhuku zanga sindinatsekere. Ndinasamba m'manja kuseri kwa nyumba ndi kutsika ndekha njira ya kwathu, kukadali kowala.