Njinga Imene Atate Anamasula pa Tsiku la Mayeso

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi seveni ku Kanakantapa, pamene chilichonse chokhala ndi bawuti pakhomo pathu chinali pangozi.

Atate anali mlimi wa chimanga ndi tomato, ndipo anachoka kwawo ku Katete ine ndisanabadwe. Dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera ndili mu giredi faifi. Kenako anayamba kukhwekhwereza mapazi poyenda, nkhope ili gwa ngati akwiya, ngakhale pamene akuseka mumtima. Anthu ananena zambiri, ena mpaka kuloza chala mwini munda wa m'malire mwathu. Koma dokotala wa ku chipatala chachikulu ku Lusaka anati ndi matenda a Parkinson, dzina limene amama ankalitchula kuti Pakisoni, ngati la mzungu wina wa pafamu. Atate anabwerako ndi kabotolo ka mapiritsi.

Kunena zoona, mapiritsiwo ankagwira ntchito. Akamwa, pasanathe ola thupi linkamasuka, n'kunyamula khasu ngati munthu wabwinobwino. Koma ankabwera ndi zake. Atate ankachita mseru mpaka kudana ndi fungo la nsomba za kapenta. Akadzuka pampando mofulumira chizungulire chinkawagwira, ndipo tsiku lina anagwera pa khola la nkhuku, nkhuku zonse n'kuthawira m'dimba. Nthawi zina ankagona masana pakati pa nkhani, mlendo akadali kuyankha moni. Zonsezi tinazizolowera.

Chimene sitinachizolowere n'chimene chinayamba m'chaka chachitatu. Atate anayamba kumasula zinthu. Yoyamba inali wailesi, imene inkalira bwinobwino. Anayala thumba pansi pa mtengo wa mango, n'kuichotsa kachidutswa kamodzikamodzi, n'kumandandalika timabawuti kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Akamaliza ankasokoneza n'kuyambiranso. Dzuwa linkachoka pamutu mpaka kupendeka iwo ali pomwepo, chakudya chitazizira pambali, ntchentche zikuchita phwando. Itatha wailesi inabwera tochi, kenako loko wa pachitseko, moti tinayamba kutsekera nyumba ndi mtondo. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinabwerera m'malo mwake.

Tsiku limene anagwira makina osokera, amama anaika manja m'chiuno.

"Atate ake Misozi, makina aya anakulakwirani chani?"

"Nikonza," anayankha osatukula mutu.

"Mukonza chinaonongeka n'chani? Dzulo n'nali kusokerapo!"

Atate anapitiriza kumasula. Ukawalanda sipanala ankakwiya moopsa, iwo amene sanandikalipirepo chibadwire. Choncho tinayamba kusamutsa katundu. Wotchi yapakhoma inakakhala kwa amake Mutinta, oyandikana nafe. Pampu yopoperera tomato inakagona kwa akatekisiti. Njinga yanga yokha ndiyo inatsala, chifukwa sukulu inali kutali ndipo ndinkaifuna m'mawa uliwonse. Ndinkaiimika m'chipinda changa, pafupi ndi mphasa.

Tsiku loyamba la mayeso ndinaitulutsa panja, ndinapukuta chishalo, n'kupita kukasamba. Amama anali atapita kumjigo. Mwina ndinachedwa kubafa, pakuti ndinkabwereza masamu pamtima. Nditatuluka ndinapeza matayala onse awiri ali pansi, tcheni chili chozinga ngati njoka, ndipo atate akutola timipira tachitsulo ta m'gudumu n'kumatiika pamzere pathumba lawo lija. Manja ali bii ndi girisi, nkhope ili phee.

Ndinakuwa. Ndinanena mawu amene mwana sayenera kunena kwa bambo ake. Kenako ndinatola pensulo ndi rula n'kuyamba kuthamanga, misozi ikusakanikirana ndi fumbi. Kunja kunali kutatentha kale, mchenga ukulowa m'nsapato, nyenje zikulira m'mitengo ngati zikundiseka. Mwayi wanga, ndinapeza ngolo ya a Daka, mlimi mnzawo wa atate, ikupita kumsewu ndi mabokosi a tomato. Anandikweza pamwamba, n'kuzikwapula ng'ombe mpaka zinathamanga monga sizinathamangepo. Ndinalowa m'kalasi anzanga atayamba kale kulemba, kumbuyo kwa yunifomu kuli psuu ndi tomato, ndipo woyang'anira mayeso anandiyang'ana kawiri asanandipatse pepala.

Madzulo ake ndinapeza amama atagwira kabotolo kaja, akukagwedeza pafupi ndi khutu. Mapiritsi a mwezi wathunthu anali pafupi kutha mwezi usanafike n'pakati pomwe. Atate anavomera kuti ankamwa awiriawiri, nthawi zina n'kuwonjezeranso masana, kuti athe kumaliza kukonza munda mvula isanagwe.

"Basi ndiye aya akukuzunguzani mutu," anatero amama. "Kuyambira lero simudzawaonanso."

Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndipo ndine amene ndinapereka nzeru ya pobisa: m'kati mwa thumba la mbewu, m'nkhokwe, kumene atate sakanatha kukwera.

Tsiku loyamba popanda mapiritsi pakhomo panali bata, ndipo tinkayang'anana ndi amama monyadira. Tsiku lachiwiri atate analephera kudzuka pabedi. Lachitatu thupi lawo linauma ngati chipika, likutentha, thukuta lili kamukamu. Phala linkangobwerera pakamwa, maso ali tong'o kudenga, ndipo sankatizindikira bwino. A Daka anabweranso ndi ngolo ija, ulendo uno atayalamo matiresi, n'kuwatengera kumsewu pamodzi ndi amama kukadikira minibasi. Ine ndinapita kukalemba pepala lomaliza ndisakudziwa ngati ndidzawaonanso amoyo. Sindikumbukira funso ngakhale limodzi la tsiku limenelo.

Loweruka amake Mutinta anandiperekeza ku Lusaka. Atate anali ndi diripi pamkono, koma anatha kutembenuza mutu nditalowa. Ndinapeza nesi akuwakalipira amama.

"Amama, mankhwala aya saleka mwadzidzidzi. Munthu angafe. Mukanabwera kutiuza."

Amama, amene anali atagona pa simenti masiku atatu, anadzuka n'kumanga chitenje.

"Kukuuzani chani? Imwe munatiuza? Munangoti azimwa katatu pa tsiku. Za wailesi munakamba? Za makina anga munakamba? N'nakadziwa bwanji kuti kumasula njinga ni nkhani ya kuchipatala?"

Odwala a pamabedi ena anaseka. Dokotala atabwera anafotokoza modekha kuti zoterezi zimachitikadi kwa anthu ena, makamaka akamamwa mopitirira muyeso. Ena amatola ndi kusanja zinthu tsiku lonse, ena amaona anthu amene palibe, ena amayamba juga. Anati mankhwalawo amachepetsedwa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira, ndipo kabotolo kazisungidwa ndi amama.

Atate atabwerera kunyumba, dzanja linkanjenjemera kuposa kale ndipo munda waukulu unawakanika. Koma sipanala anaisiya. Tsiku lina tikutongola chimanga awiriwiri, anayamba kulankhula ndi mawu awo otsika aja.

"Misozi, tsiku lija n'nali kukumva ulira. N'nali kufuna kuleka. Manja ndiye anakana."

Ndinapitiriza kutongola chimanga. Mpaka lero sindinawauze kuti nzeru ya m'nkhokwe inali yanga, ndipo tsopano anapita.

Masiku ano zinthu zasinthako. M'bokosi la mankhwala mumakhala kapepala kolembedwa timalemba ngati nyerere, m'Chingelezi chimene ngakhale ine chimandivuta. Aliyense ali ndi foni, ndipo aliyense wasanduka dokotala wa mnzake. Koma pawindo lolandirira mankhwala mzere ukadali wautali, ndipo wopereka amakankha kapaketi maso ali kale pa munthu wotsatira. Amama tsopano akalamba, ndipo mwezi uliwonse ndimawaperekeza ku Chongwe kukatenga mankhwala awo a mtima. Akatisinthira mtundu, ine sindisuntha. Ndimafunsa kuti angawachite chiyani m'thupi. Ndimafunsa kuti tikaona zotani tithamangire kuchipatala. Kumbuyo anthu amayamba kutsonya, wina n'kukuwa kuti, "Imwe amayi, tifuna kukwera mabasi ife!" Amama amandikoka chitenje mwamanyazi. Ine ndimatsamira bwinobwino pawindopo n'kufunsa funso lachitatu:

"Nanga akaleka kumwa, chichitika n'chani?"