Mlamba wa amalume pa sikelo ya ana

Bafa lamalata lija likadalipo kwathu ku Champiti. Pano nkhuku zimaikiramo mazira. Ndimo amayi ankasambitsira mng'ono wanga, amene anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe. Maliro atatha analivundikira kuseri kwa nkhokwe, ndipo palibe analikhudza mpaka dzinja limene amalume anagwira mlamba.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi zinthu ziwiri: ndodo yowedzera yokhala ndi kagudumu kopukusa, ndi chifuwa. Chifuwacho anawapatsa kwaulere. Ankati kumeneko munthu akagwira nsomba yoposa zonse amaiyeza pa sikelo ya boma, mboni ikuona, dzina lake n'kulembedwa pathabwa mpaka kalekale. Anamvanso kuti ku Blantyre kuli kalabu ya anthu otero. "Pansi pa nthaka ndinali nambala," ankatero. "Nsomba ndiyo indilembetse dzina." Matipate anali atangoyamba, aliyense ankafuna kumveka. Amalume anasankha chipani cha mlamba.

Mtsinje utadzaza anaukoka padziwe: wautali kuposa ine, mutu ngati khasu, ndevu zaulemu ngati za mkulu wa mpingo. Anthu anabwera ndi mipeni ndi mbale. Amalume anawabweza, ati nsomba ya mbiri yake sidulidwa isanayezedwe. Sikelo za mbatata za ku Lizulu anazikana, ati zimanama ngati eni ake. Ya boma inalipo imodzi yokha, ya ana, imene a zaumoyo ankaipachika pamtengo wa mango, ndipo tsiku lake linali lisanafike. Mlambawo unayenera kudikira uli moyo. Amalume anavundukula bafa lija.

Ntchito yanga inali kusintha madzi. Mlamba sufa msanga. Unadzipinda m'bafamo, mchira uli panja, n'kumatulutsa mutu kukoka mpweya, kaphokoso kake ngati chitseko chakale. Kuchipinda amalume ankapuma chimodzimodzi. Ndikaima pakati pa awiriwo ndi ndowa, sindinkadziwa kuti ndikumva uti. Patapita zaka, ku koleji, ine ndi kolejiyo tisanasiyane mwamtendere, anatiphunzitsa chimene chimathandiza mlamba kupuma kunja kwa madzi. Za amalume sanatiphunzitse.

"Ukuonda, iwe," amalume ankauuza mlambawo atasuzumira m'bafa. "Mbiri yanga ikuthera m'madzi." Madzulo ake ndinawaona akuboola lamba wawo ndi msomali.

Tsiku la sikelo anayesa kuunyamula, koma anatsokomola mpaka kukhala pansi. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyowetsa chitenje, anaukulunga mlambawo, n'kuubereka. Njira yonse mchira unkawamenya m'miyendo. Aphunzitsi, mboni yathu, anavala tayi.

Pansi pa mango azimayi anali pamzere ndi makanda awo. Bambo wa zaumoyo anakana kaye, kenako chidwi chinamugonjetsa. Anaulowetsa m'kakabudula koyezeramo ana, n'kukakoleka. Singano inathamanga, inapitirira pamene ana onse amathera. Amalume anavula chipewa. Bamboyo anaika nkhope yantchito, n'kutembenukira kwa amayi:

"Mayi, mwana akukula bwino. Pitirizani kuyamwitsa."

Mzere wonse unaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka ndinagwa m'fumbi.

Aphunzitsi analembera ku Blantyre m'Chingerezi chawo cha pa Sabata. Mlamba tinadya mudzi wonse, kupatula amayi amene anati m'mimba simuli bwino. Amalume ankafunsa aliyense wochokera kupositi, "Ayankha?" Anamwalira chimanga chisanaume. Yankholo ndikulidikirabe m'malo mwawo. Pa maudindo onse amene ndinapatsidwapo, uwu wokha ndi umene sindinausiyire panjira.

Koma chimene chimandibwerera si thabwa la ku Blantyre ayi. Ndi ulendo wobwerera uja. Mlamba anaunyamula anyamata pamtengo, akuimba. Amayi anatsalira m'mbuyo, chitenje chonyowa chili chimangire kumsana, mulibe kanthu. Ankayenda modzigwedeza pang'onopang'ono, dzanja limodzi likusisita kumbuyo. Ine ndinkati msana ukuwapweteka, nsomba ija inali yolemera.

Sindinkadziwa kuti pamtengo wa mango uja amayi anali ataimapo mwezi ndi mwezi ndi mng'ono wanga, singano ikubwerera m'mbuyo, akumva mawu a bambo wa zaumoyo aja akuuzidwa azimayi ena. Iwo anauzidwa mawuwo koyamba tsiku limenelo.