Thabwa la pachitseko cha Che Jafali

Fungo la nsomba zowamba likandipeza pamsika wa ku Mangochi, m'maso mwanga mumabwera Che Jafali, mkulu amene ankakhala okha kuseri kwa mudzi wathu ku Nkopola, m'kanyumba ka udzu komwe utsi unkatulukira paliponse, iwo ali pakhomo kusoka ukonde uku akutsokomola ngati injini ya boti yokana kulira. Pachitseko anakhomapo thabwa lolembedwa kuti Hermitage. Analitola pa loji imene ankasesako, eni ake atagwetsa kanyumba ka alendo ka kumapeto kwenikweni.

Ana anzanga ankati ndi dzina la mzungu amene anamira m'nyanja. Ine nkhani zopeka zimanditopetsa, ndiye ndinakawafunsa okha. Anati tanthauzo sakulidziwa, koma analikonda chifukwa alendo ankalimbirana kanyumba kaja, poti wogonamo panalibe womusokoneza.

Ndinalemba mawuwo pamkono ndi bolopeni n'kukawaonetsa aphunzitsi a Chingerezi. Anati muzu wake ndi mawu a Chigiriki otanthauza chipululu, ndipo anadzera kwa Afalansa asanafike kwa Angerezi. Kalekale anthu ena ankasiya mudzi mwa kufuna kwawo n'kukakhala kuchipululu kuti azipemphera popanda phokoso, ndipo nyumba ya munthu wotere ndiyo inkatchedwa choncho.

Ndinathamanga kukawauza Che Jafali, poyesa kuti asangalala. Anaika ukonde pansi.

"Wati mwa kufuna kwawo?"

Ndinavomera. Apa m'pamene anandiuza kuti anachokera kuseri kwa Chiponde kudzakwatira m'mudzi mwathu. Mkazi wawo atamwalira, akuchikazi anawasudzula, nyumba ndi munda n'kutsala m'manja mwa ana ndi amalume awo. Atapita kwawo anapeza owadziwa onse ali kumanda, choncho anabwerera n'kupempha kamalo kakutchire kaja.

"Ndiye thabwali likunama, mwanawe. Ine sindinasankhe. Tenga hamala ulizule."

Ndinawauza kuti m'mudzi monse palibe angaliwerenge. Anayankha kuti iwo tsopano akuliwerenga. Ndinalizula, anandipatsa, ndipo pachitseko panatsala mabowo a misomali mpaka tsiku la maliro awo.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Lero ndimakhala ndekha m'kachipinda kuseri kwa msika, komwe sikufika mlendo. Thabwa lija lili pansi pa bedi, hamala ndili nayo, misomali ndili nayo. Sindinalikhome. Ndikudikira tsiku limene ndidzatseke chitseko changa mwa kufuna kwanga.