Ndinanamiza Tabuleti Mwana Akubanika

Inu owerenga, ndine nesi wa zaka zambiri pantchito, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti tsiku lina ndinangotsala pang'ono kutayitsa mwana wa mnzanga chifukwa cha mtima wodziyesa wodziwa kale.

Ndimagwira ntchito pa kiliniki ina yakumudzi, mbali za ku Chiparamba. Atatibweretsera tabuleti, kachipangizo kooneka ngati foni yaikulu, anatiuza kuti tizilembamo nambala ya khadi la mwana aliyense wodwala, kulemera kwake, kutentha kwa thupi, ndiponso kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi. Tikalemba imaonetsa mtundu. Wobiriwira ndiye kuti apite kunyumba, wachikasu muunikenso, wofiira thamangani naye kuchipatala chachikulu. Ine ndinkaiona ngati mpongozi wolongolola. Ndinayamba kugwira ana kachipangizoka kasanalotedwe n'komwe, ndiye kandiuza chiyani?

Tsono kuwerenga mpweya wa mwana kumafuna kukhala phee mphindi yathunthu, maso ali pachifuwa. Lolemba mzere umafika kumtengo wa mango, ndipo nyengo yokolola amayi amakuyang'ana ndi diso lokukumbutsa kuti chimanga chikudikira kumunda. Ndiye ndinazolowera kachinyengo. Ndinkangomuyang'ana mwana pankhope, n'kulemba nambala imene ndinkadziwa kuti ibweretsa wobiriwira.

Lolemba lina kunabwera amake Yamikani, mayi amene timaimba naye kwaya, atabereka mwana wake wa chaka chimodzi. Anati wayamba kutsokomola dzulo. Kabuku kake kachipatala kanali katsopano, kosalembedwa kanthu. Mwanayo sindinamuvule n'komwe juzi, ndinangolemba nambala ya khadi lake ndi nambala yanga yopeka ija. Koma tabuleti inaonetsa chikasu. Inati mwana ameneyu anaonedwa pa kiliniki ina ku Kapata masiku anayi apitawo ndi chifuwa chomwechi, anapatsidwa mankhwala, ndiye ndiwerengenso mpweya wake. Ndinanyansidwa nayo. Ndinadina podumphira chenjezolo, n'kumupatsa mayiyo panado, n'kuitana wotsatira.

Ndili mkati moyeza wotsatirayo, mawu aja anakana kuchoka m'mutu. Ku Kapata? Ndinakumbukira kuti mkulu wake wa mayiyu amakhala kumeneko, ndipo Lamlungu mayiyu kukwaya sanaoneke. Amayi athu akayamba apita kwina, amagula kabuku katsopano poopa kuti tiwakalipira, ndipo kunena zoona, pokalipa ine ndinalibe mnzanga. Mantha anandigwira. Ndinatola tabuleti n'kuliyatsa liwiro ndi thupi langa lonseli, anthu apamzere akuseka.

Ndinamupeza kumsewu akukwera njinga yamoto.

"Amake Yamikani, tsikani! Mwanayu munapita naye ku Kapata?"

Anayang'ana pansi. "Asisita, ndinaopa kuti muzandishauta. Mankhwala anamaliza onse koma sasintha."

Ndinamuvula mwanayo juzi pomwepo. Inu owerenga, chifuwa chinkalowa mkati pa kupuma kulikonse, nthiti zonse poyera. Ndinagwada pafumbi n'kuwerenga mphindi yathunthu, ndipo nambala yake inaposa kutali bodza ndinalemba lija. Nditailemba, tabuleti inafiira.

Tinabwerera kukiliniki tikuthamanga. Ndinamuika pasikelo, tabuleti inandionetsa muyezo wa jakisoni woyamba molingana ndi kulemera kwake, ndinamubaya, n'kuitana ambulansi. Pamene tinkafika kuchipatala chachikulu ku Chipata, anzathu anali ataona kale zonse pakompyuta yawo, mpweya wa okosijeni uli chire. Chinali chibayo. Dokotala anati akanagona kunyumba tsiku limenelo tikanakamba zina. Patatha masiku asanu Yamikani anatuluka akuyamwa mwaukali, ndipo ine ndinalira ngati ndine ndamubala.

Ndinakaulula kwa otiyang'anira kuti ndakhala ndikulemba manambala ongopeka. Manyazi anandigwira, koma sanandiphe. Lero ndine amene ndimaphunzitsa manesi atsopano kagwiritsidwe ka tabuleti, ndipo ndimayamba ndi nkhani yomweyi. Kukalipira amayi ndinaleka, moti tsopano amabwera ndi kabuku kakale n'kundiuza konse kumene adutsa.

Anzanga a yunifomu yoyera, chipangizo sichiona mwana, chimadziwa zokhazo zimene mwachiuza. Mukachinamiza mwanamiza mayi amene waima patsogolo panu. Chikakuchenjezani musapsere mtima, muvuleni mwana juzi, muwerenge mphindi yonse ngakhale mzere utafika kumsewu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanunso amayi, musatibisire kumene munayamba mwapita.

Yamikani pano ali ndi zaka zinayi. Lamlungu tikamaimba, iye amakuwa kuposa kwaya yonse, mpaka akulu ampingo amamuloza chala kuti atonthole. Ine sindimuletsa ngakhale pang'ono. Mpweya umene akukuwirawo ndinauwerenga ndekha, nditagwada pafumbi.