Kamalo Kosalimidwa pa Bwinja Lathu

Mudzi wathu unali kuseri kwa Vubwi, tonse a mimba imodzi. Chitsime chitaphwa, anthu anayamba kusamuka mmodzimmodzi, ena kumsewu, ena ku Sinda. Ine ndinakakhazikika ku Katete, n'kumagulitsa tomato pamsika. Pabwinja panangotsala mitengo ya mango.

Chaka chatha ndinamva kuti pabwinjapo akulimapo munthu wachilendo, wa thirakitala. Malowo ndi a malemu amayi, ndipo otsala ndife awiri, ine ndi achemwali anga a ku Sinda. Ndinakawafunsa maso ndi maso.

"Achemwali, malo athu wapereka ndani?"

"Iwe, ine ndidziwa bwanji? Chisamukire sindinapondeko."

Ankayankha akutong'ola chimanga, osandiyang'ana. Kayankhidwe kameneko ndimakadziwa kuyambira tili ana.

Mu Januwale ndinapitako ndekha. Mayo ine, mitengo yonse anagwetsa! Koma chimanga sichinabise kanthu. Pamene panali khola la amalume chinali chobiriwira moderako, chachitali kuposa chinzake, padzala la amayi chimodzimodzi. Ndinauwerenga mudzi wonse, khomo ndi khomo.

Komatu sindinapitire mango. Mwana wanga woyamba anabadwa atafa kale. Kwathu mwana wotere sapita kumanda ndipo samulira maliro. Amakamuika azimayi okhaokha, amuna osauzidwa n'komwe. Wangayo anakamuika amayi ndi achemwali kuseri kwa chulu, ine anadzandilozera nditachira. Panalibe mwala kapena chizindikiro chilichonse.

Ndinkayenda ndili ndi mantha kuti thirakitala yapitapo. Nditafika ndinaona mizere yakhota. Kamalo kokula ngati mphasa kanasiyidwa ndi udzu wake, penipenipo.

Mwini munda anandipeza nditaima pomwepo.

"Bambo, apa mwasiyiranji?" ndinafunsa.

"Amayi amene anandipatsa malowa anachita kundibweretsa pano okha. Anati limani paliponse, koma apa pokha ayi. Chifukwa chake sananene."

Sindinapondeko! Bodza la achemwali limenelo. Ulendo wonse wa ku Sinda ndinkakonza mawu, ena oti mpingo ukanawamva ukanandiimitsa.

Ndinawapeza pakhonde. Anayang'ana chisoso chimene chinamatirira pachitenje changa, kenako anandiyang'ana kumaso, koyamba.

"Wapapeza?"

"Ndapapeza."

"Sanalimepo?"

"Sanalimepo."

Anaika manja kumaso. Za malowo ndidzawafunsabe, sindinawakhululukire. Koma tsiku limenelo tinamulira mwana uja, amene anatiletsa kumulira.