Goli la Anthu Awiri

Pa 14 Okutobala 2006, a Hamidu Jamali, telala wosokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Nkhotakota, analowetsa khosi lawo m'goli kwa nthawi yoyamba. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo panali patatha chaka akazi awo atamwalira. Linali tsiku lotsegulira chikondwerero cha zisudzo za mbiri yakale, chimene magulu a paboma pano, a ku Dwangwa, a ku Liwaladzi ndi a kwa Mwadzama amachita pabwalo la sukulu ina ya pulayimale chaka ndi chaka mvula isanagwe.

Gulu lawo, la Tikumbuke, linkaonetsa ulendo wa akapolo kuchokera kumtunda kukafika kudoko kumene ankakwezedwa m'zombo. Goli la m'sewerolo linali mitengo iwiri ya mphanda yomangidwa pamodzi, mphanda ina kutsogolo, ina kumbuyo, kotero kuti munthu mmodzi sakanalivala yekha. Amene analisema ndi a Filipo Maziko, kalipentala wa mpingo wa Anglikani, ndipo analiyeza pa msinkhu wawo ndi wa a Hamidu, poti awiriwa anali ofanana kutalika.

Gawo lawo linalibe mawu. Ankangodutsa pabwalo ng'oma ikulira, a Hamidu patsogolo, a Filipo pambuyo. Pakati pa bwalo wakumbuyo ankagwa, golilo n'kukokera wakutsogolo pansi. Ntchito yovuta inali ya wakutsogolo, chifukwa mnzake samuona. Akachedwa kugwada mtengo umam'kanyanga pakhosi. Akafulumira, oonerera amadziwa kuti n'zongoyerekeza. A Hamidu ankadziwa nthawi yogwa pomva kunjenjemera pang'ono kwa mtengo pankhongo, pamene mawondo a a Filipo ayamba kufooka.

Kunja kwa sewero sankayenderana kwenikweni. Wina Lachisanu kumzikiti, wina Lamulungu kutchalitchi. Koma kuyambira Ogasiti, gulu likayamba kukonzekera, ankakumana Loweruka lililonse masana, n'kukamalizira pa tiyi wamkaka kumsika.

"Shehe, khosi lanenepa chaka chino," ankatero a Filipo pomanga golilo. "Mpunga wa Idi umenewu."

"Mphanda yanu ndiyo yafota, abusa. Kalipentala wanji wosema mtengo wauwisi?"

Ana a a Hamidu anali atabalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Joni. Pa chaka chonse, miyezi itatu imeneyo ndiyo yokha imene kunali munthu wowadikira kwinakwake, woti iwo akachedwa sangayambe kanthu.

A Filipo anamwalira mu Juni 2023 atadwala masiku ochepa. Ogasiti atakwana, a Hamidu anamangirira goli panjinga n'kupita kokonzekera monga mwa nthawi zonse. Mayi Iness, mphunzitsi amene amatsogolera gululi, anafunsa woti alowe m'malo mwa malemu. Onse anayang'ana kumbali. Mphanda yakumbuyo inali itada ndi thukuta la a Filipo, ndipo anthu sakonda kuvala cha womwalira abale ake asanachigawe. Abalewo atafunsidwa, anayankha kuti goli si malaya, iwo sangaligawire munthu.

Amene analimba mtima anali Maliko, wakabaza wamtali wa m'gulu lomwelo. Kutalika kwakeko kunapendeketsa goli, ndipo atafika pakati pa bwalo anangodziponya pansi ngati goloboyi, osapereka chizindikiro. A Hamidu anadzuka akutsokomola, mawu atasasa.

"Madala, bwanji tizingowerenga mpaka katatu, kenako tonse khu?" anatero Maliko.

"Kapolo ankawerenga kodi?" anayankha a Hamidu akusisita pakhosi.

Loweruka lotsatira Maliko anatumiza uthenga wakuti makasitomala achuluka.

"Bambo Jamali," anatero Mayi Iness atawatengera pambali, "tipange goli lina lopepuka, lansungwi, tipatse achinyamata. Inu muvale mkanjo, mukhale pamkeka, mukhale wogula akapolo."

"Aphunzitsi, ine mawu sindiwatha. Ndimatha kuyenda ndi kugwa basi."

"Nanga muyenda ndi yani?"

"Ndekha. Mundilole chaka chino chokha. Ngati sizikoma, mudzachotse."

Mayi Iness anavomera, ngakhale kuti ena m'gulumo ananyinyirika.

Pa tsiku la chikondwerero bwalo linadzaza, ena atakwera m'mitengo ya mango. Ng'oma itayamba, a Hamidu anatulukira kuseri kwa kalasi, mphanda yakumbuyo ikukwekwereka pansi, ikulemba mzere m'fumbi. Phokoso linatsika. Atafika pakati pa bwalo anaima pamalo pamene ankagwera zaka zonsezo. Anadikira. Woimba ng'oma anabwereza, n'kubwerezanso. Mayi Iness anakupiza dzanja, kuwauza kuti agwe. Iwo anangoima chilili, khosi lili tcheru, koma mtengowo sunanjenjemere.

"Agogo, mnzanu wathawa!" anakuwa munthu wina kumbuyo, ndipo khamu linaphulika kuseka.

A Hamidu sanagwe. Anayambanso kuyenda, nadutsa bwalo lonse, nakalowa kuseri kwa kalasi ya mbali inayo. Mayi wina amene gawo lake linali kuthamangira ogwawo akulira anafika pakati n'kupeza palibe womulirira. Sewero linasokonekera kuyambira pamenepo, ndipo oweruza anaika gulu la Tikumbuke kumapeto.

Palibe anawadzudzula pamaso. Gulu linakumana iwo palibe, n'kugwirizana kuchotsa gawo la goli. Mayi Iness anapita okha kukhonde kuja kukawauza, atanyamula nsalu zoti asokere gululo. A Hamidu anamvetsera osasiya kupalasa makina, kenako anafunsa miyezo ya ovala. Atafunsidwa chimene chinawalepheretsa kugwa, anati sanadziwe nthawi yake.

Chaka chino gulu la Tikumbuke likuonetsa sewero latsopano, la kubwera kwa sitima zapanyanja. A Hamidu, amene tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndiwo asoka zovala zonse za m'sewerolo. Gawo alibemo, ndipo sanalipemphe.